Njinga yamoto yooneka yachikale koma yotchipa: zomwe ndaona nditagula kuno ku UK

Abale anga amene muli kuno ku UK, makamaka inu amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba yoyenda nyumba ndi nyumba, ndikudziwa kuti ambiri maso ali pa tinjinga tamoto tija ta 125cc tooneka ngati ta zaka za m'ma 1970. Nyale yozungulira, mpando wofiirira wosokedwa mizeremizere, mawilo a masipoko, ekizozi yakuda, mtengo wake wozizira bwino poyerekeza ndi za ku Japan. Ine ndinagula imodzi yatsopano, ndayenda nayo pa mvula, pa nkhungu ndi pa mchere wa nyengo yozizira, nde ndati ndikuuzeni zomwe ndaona musanatulutse ndalama zanu. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa zambiri zomwe ndinene zikukhudza mtundu wonse wa njinga zotere osati kampani imodzi ayi.

Chomwe chinandikokera ku njinga ndi nkhani ya laisensi. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 basi ukafika kuno, ndipo sungangoisintha kuti akupatse ya kuno ngati mmene amachitira anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa, ife timayambiranso pachiyambi. Mayeso a galimoto kudikira kwake mukukudziwa, inshuwalansi ya munthu watsopano nayonso mukuidziwa. Pamene njinga, ukakhala ndi laisensi yophunzirira ija umangopanga CBT, maphunziro a tsiku limodzi, basi ukuloledwa kuyendetsa mpaka 125cc yosapitirira mphamvu ya 11kW. Umayika ma L kutsogolo ndi kumbuyo, sunyamula munthu, sulowa mu motorway, ndipo pepala lake limatha pakadutsa zaka 2. Kwa munthu amene agogo oyamba akukudikira mbandakucha mabasi asanayambe kuyenda bwinobwino, imeneyo ndi njira yachidule.

Mayina ake mwawaona kale: Mutt ya ku Birmingham, Herald ya ku Huntingdon, Lexmoto ya ku Exeter, Sinnis, AJS, kenako Mash ya ku France ndi Brixton yomwe dzina likumveka la ku London koma eni ake ndi a ku Austria. Pa thanki pamalembedwa dzina la kuno koma njinga zambiri za 125cc zamtunduwu zimapangidwa ku China, makampani akuno amasankha kaonekedwe, penti, mpando, matayala, ena amasinthako tizitsulo tina zikafika. Zimenezo si chinsinsi ndipo si chinthu choipa pachokha. Mzinda wa Chongqing wokha uli ndi Lifan, Loncin ndi Zongshen, makampani opanga injini zambirimbiri zomwe zikuyenda dziko lonse, ndipo dzina la Lifan aliyense amene anakwerapo kabaza kumudzi akulidziwa.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwino chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Injini zambiri zoziziritsidwa ndi mphepo zomwe zili m'njinga zimenezi ndi zotengera injini ziwiri zakale za ku Japan. Yoyamba ndi Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975. A Honda anaipangira dala mayiko osauka ataona mmene anthu ankazunzira njinga, kunyamula katundu wopyola muyezo, oyilo osasintha mpaka atada bii, fumbi lili tolo, nde anapanga injini yosavuta yoti ipirire zonsezo. Mpaka pano ku Pakistan akuipangabe. Yachiwiri ndi Suzuki GN125 ya mu 1982. Mukawerama n'kuyang'ana kumunsi kwa injini mupeza nambala yodindidwa pachitsulo, monga 156FMI, 157FMI kapena K157FMI. 1 woyambayo akutanthauza silinda imodzi, 56 kapena 57 ndi kukula kwa silindayo m'mamilimita, ndipo yoyamba ndi K ija nthawi zambiri ndi ya banja la Suzuki. Yanga ndi ya banja limenelo. Njinga zambiri za akabaza pa Area 25, pa Chinsapo kapena pa Lunzu, zonyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga pamwamba, injini zake ndi za banja la CG lomwelo. Nde mukamamva anthu akuti injini ya ku China ikufera panjira, kumbukirani zomwe injini zimenezi zimapirira kwathu.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma njinga izi zinatembenuza mwambiwo, m'kati ndi mmene muli bwino, nyerere zili kunja. Injini yanga sinandivutitsepo. Imalira kamodzin'kamodzi ngakhale m'mawa woti mpando wagwira madzi oundana, siidya oyilo, siitulutsa utsi. Kuyambira malamulo a ku Ulaya a utsi ndi chitetezo otchedwa Euro 4 atagwira njinga zonse zatsopano mu 2017, pafupifupi zonse zinasiya kabuleta n'kuyamba jekiseni wa petulo, nde za choko zija zinatha, komanso 125cc iliyonse yatsopano imayenera kukhala ndi ABS, yoletsa wilo kuuma ukamanga buleki mwamphamvu, kapena mabuleki olumikizana oti ukaponda lakumbuyo lakutsogolo limagwirako pang'ono. Zotchipazi zambiri zili ndi olumikizanawo. Chomwe injini imafuna ndi oyilo basi. Imalowa oyilo wochepa, pafupifupi lita imodzi, nde amatopa msanga, ine ndimasintha pafupipafupi osadikira kuti ade. Gulani 10W-40 wa njinga wolembedwa JASO MA, osati wa galimoto, chifukwa kilachi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo ndipo wa galimoto wina amaiterereketsa.

Tsopano nyerere zija. Yoyamba komanso yaikulu ndi dzimbiri. Kwathu sitikudziwa zothira mchere mumsewu, koma kuno kukayamba kuzizira magalimoto a khonsolo amayenda usiku kumwaza mchere kuti msewu usaundane, ndipo mchere umenewo ukasakanikirana ndi madzi umadya chitsulo ngati palibe mawa. Nyengo yozizira yoyamba isanathe, mitu ya mabawuti apa injini inali itasanduka yofiira, masipoko atachita timadonthomadontho pomwe akulowa mu rimu, paipi ya ekizozi pamene ikutuluka mu injini penti yakuda ija itasupuka n'kutsala chitsulo chonga nkhanambo. Tsiku lina ndinagwada ndi tochi ya pafoni kuyang'ana kunsi kwa chitsulo chogwira wilo lakumbuyo, pamene anawotcherera panali patatupa, nditakanda ndi chikhadabo penti inachoka yonse kachidutswa kamodzi, pansi pake pali lalanje. Apo m'pamene ndinaona pomwe anapulumutsira ndalama. Penti ndi yopyapyala, chonyezimira chija n'chopyapyala, mabawuti anangowapaka pang'ono. Njinga ya mnzanga ya Honda CB125F yoyenda misewu yomweyo nayonso inachita dzimbiri, osanama, koma osati msanga chonchi.

Mankhwala ake alipo ndipo si odula. Pali mafuta opopera otchedwa ACF-50, anapangidwira ndege koma a njinga kuno amawakonda kwambiri. Tsukani njinga, iume, mupopere pa kansalu n'kupaka paliponse pali chitsulo, pa injini, pa felemu, pa masipoko, pa mabawuti, koma asakhudze mabuleki kapena matayala ngakhale pang'ono. Muchite zimenezi njinga ikadali yatsopano, mchere usanayambe, cha mu October. Ndipo mukabwera ku ntchito msewu uli woyera ndi mchere itsanulireni madzi ozizira, osati otentha, otentha amafulumizitsa mcherewo kudya. Ndikudziwa kuti munthu wachoka pa shifiti yaitali miyendo ikuwawa zotsuka njinga mumdima sizikoma, koma ndowa imodzi ndi yokwanira. Mabawuti ang'onoang'ono ogwira zivundikiro ndinawasintha ndi a stainless, koma a mabuleki, a mashoko ndi ogwira injini musawasinthe mwachisawawa, amenewo amafuna chitsulo cholimba mwapadera.

Yachiwiri ndi kukhwefuka kwa zinthu. Injini ya silinda imodzi imanjenjemera, ndi chilengedwe chake. Galasi langa lakumanja linayamba kuzungulira lokha ndili pa liwiro mpaka kumandionetsa chifuwa changa, bawuti imodzi ya nambala puleti inagwa osaiona, chotchingira tcheni chinayamba kulira ngwengwengwe. Zonsezi ndi zazing'ono koma zimabowa. Kabotolo ka Loctite wabuluu, guluu woletsa bawuti kukhwefuka, ndi seti ya masipanala zinathetsa nkhaniyo, dontho limodzi pa bawuti n'kumanga. Wofiira musagule, ameneyo kumasula kwake mpaka moto. Ndipo dziwani kuti njingazi zimabwera m'bokosi zisanamalizidwe, ogulitsa ndi amene amamanga wilo lakutsogolo, chiwongolero, batire, n'kuyang'ana zonse. Nde njinga ziwiri za dzina limodzi zitha kusiyana kutalitali kutengera ndi manja amene anazimanga. Malo ena amapaka girisi, amamanga bawuti iliyonse pa muyezo wake, ena amangothira petulo n'kukupatsa makiyi. Ine ndimati sankhani wogulitsa kaye, njinga pambuyo. Akhale wapafupi, wokhala ndi garaja ndi makaniko ake, osati ongokutumizira pa lole kuchokera kutali.

Matayala ndi amene ndinganene kuti musanyengerere. Kuti njinga ioneke yolusa amaiveka matayala a mabampu ngati ya m'tchire, pachithunzi imatchena zedi, koma mphira wake ndi wouma ndipo pa tala yonyowa sagwira. Pa raundabauti ina m'mawa kukuwaza, ndikuyenda pang'onopang'ono, ndinamva kumbuyo kukuchoka pansi panga kenako n'kugwiranso, mtima unagunda mpaka kukhosi. Sabata yomweyo ndinakaika matayala apamsewu a kampani yodziwika ndipo njinga inasintha ngati ina, kukhota bwino, buleki kugwira, phokoso la wuuu lija kutha. Ikani ndalama ya matayala mu bajeti yanu kuyambira tsiku logula. Komanso mawilo a masipoko ambiri amakhala ndi chubu mkati, nde msomali ukalowa mpweya umatha nthawi yomweyo ndipo sungangotseka bowo pamsewu ngati tayala lopanda chubu, mpaka wilo lichoke. Kwathu bwenzi ukungokankhira pansi pa mtengo pali mnyamata wa pampu, kuno ndi kuyimba foni n'kudikira galimoto yodzakunyamula, agogo aja akudikira mankhwala awo. Nde kulipira anthu odzakutola panjira si kuwononga ndalama.

Tcheni chobwera ndi njinga chinatamuka msanga kwabasi, kumanga lero pakapita masiku chalendeweranso, kenako chinayamba kulimba pena n'kukhwefuka pena. Saizi yake pa njinga zambirizi ndi 428, chopezeka paliponse, ndinagula chabwino pamodzi ndi masiproketi onse awiri ndipo chimenecho chakhala nthawi yaitali. Chovuta n'choti njinga zambiri zachikalezi zilibe sitandi yapakati, akuti imaipitsa maonekedwe, nde kuthira mafuta tcheni ndi kukankha njinga pang'ono, kupopera, kukankhanso, anthu akukuyang'ana pawindo.

Zamagetsi zinandipatsa tsiku limodzi lowawa. Mvula inagwa usiku wonse njinga ili panja, m'mawa inalira bwinobwino koma ndikangoponda giya wani, thii yazima. Kuliza, kuponda, thii. Kumeneko n'kumaganiza kuti injini yapita. Makaniko nditamufotokozera pafoni anangoseka n'kuti yang'ana kaswitchi ka pa sitandi. Pali kaswitchi kamene kamazimitsa injini ukalowetsa giya sitandi ili pansi, kuti usanyamuke nayo, nde kali pamalo pomwe madzi ndi matope onse amafikira. Kanali katadzaza madzi akuda, pulagi yake yobiriwira ndi dzimbiri. Kupukuta, kupopera mankhwala otsukira zamagetsi, kupaka girisi wake, basi njinga inanyamuka. Kuchokera pamenepo ndinatsegula nyale yakutsogolo ndi pansi pa mpando, mapulagi onse ndinawapaka girisi yemweyo, mawaya amene ankakhuzana ndi felemu ndinawamanga ndi timalamba tapulasitiki. Ena amachotseratu kaswitchiko, ine sindikulangizani, kunyamuka sitandi ili pansi n'kukhotera kumanzere ndi ngozi yeniyeni.

Za liwiro musadzinamize. Injini zimenezi zimatulutsa mahatchi 10 kapena 11, sizifika pa malire a 11kW aja omwe ndi mahatchi pafupifupi 15. M'tauni momwe malire ndi 20 kapena 30 mph ndi yokwanira bwino, yopepuka, yolowa paliponse, petulo imangonunkhiza. Koma pa msewu wa 60 mph kukakhala chitunda ndi mphepo yakutsogolo, iwe wagona pa thanki, lole ili kumbuyo kwako, umapemphera. Pa misewu ikuluikulu ya 70 mph yomwe CBT imakulola ine ndimapewa. Mpando wokongola uja ndi thabwa, pakatha theka la ola umayamba kusinthasintha makhalidwe. Madigadi anawadula kuti aoneke bwino nde madzi a mumsewu amakwera kumsana mpaka pa chipewa, yunifolomu ikapanda kukhala m'chikwama chosalowa madzi mukafika kwa agogo muli ngati mwachokera kudimba. Pomangira katundu palibe, ndinachita kugula kachitsulo kakumbuyo, ndipo nditaikapo bokosi kukongola konse kuja kunathera pomwepo kkkk.

Nkhani ya ndalama ili pawiri. Pogula umapulumutsa ndithu, makamaka ukayerekeza ndi yachikale ya ku Japan ngati Yamaha XSR125 yomwe inatuluka mu 2021, imeneyo ndi ina, yoziziritsidwa ndi madzi, mphamvu zonse 11kW, koma mtengo wakenso ndi wina. Msonkho wa pamsewu wa njinga yosapitirira 150cc ndi wotsikitsitsa, ndipo yatsopano siifuna MOT, kuyezedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati ili bwino kuyenda pamsewu, mpaka itakwana zaka 3. Koma onjezani matayala, tcheni, ACF-50, kachitsulo ka katundu, komanso masevisi. Warranty imafuna kuti sevisi izichitikira ku garaja yovomerezeka pa nthawi yake ndipo masevisi a njingazi amabwera pafupipafupi, kuphatikiza kuyeza mavavu, nde funsani mtengo wa sevisi iliyonse musanasaine. Zida za injini sizisowa chifukwa ndi za banja lalikulu lija, fyuluta, pulagi, magasiketi, zonse zili pa intaneti motchipa. Zosowa ndi zija za dzina lokhalo, thanki, chivundikiro cham'mbali, wotchi ya sipidi. Njinga yanga inagwetsedwa ndi mphepo itaimikidwa, chogwirira kilachi ndinachipeza mawa lake, koma kachivundikiro kam'mbali ndinadikira mpaka kuiwala kuti ndinaitanitsa.

Ndipo pogulitsa ndi pomwe umalira. Honda kapena Yamaha ya 125cc imagwira mtengo chifukwa chaka chilichonse pali ophunzira atsopano oifuna, pamene izi zimagwa msanga, wogula akangoona kadzimbiri pa ekizozi wayamba kale kukudula. Nde ngati cholinga chanu ndi kuyendera chaka chimodzi kenako mugule galimoto, ine ndingakuuzeni mosabisa kuti gulani Honda CB125F kapena Yamaha YBR125 yogwiritsidwapo kale ntchito, siyokongola, imaoneka ngati ya wotumiza pitsa, koma mudzaigulitsa pafupifupi mtengo womwe munagulira. Yachikale yotchipayi ndi ya munthu amene waikonda ndi mtima, amene aisunge zaka, ali ndi poyiika posanyowa kapena chophimba chabwino, ndipo Loweruka saopa kuda manja. Kwa munthu wotere ndi njinga yabwino ndithu, yophunzirirapo umakaniko chifukwa zonse zili poyera, palibe mapulasitiki obisa injini. Ndipo ndisaname, azigogo aamuna ena amene ndimawasamalira amakafika pawindo kukaiona n'kuyamba kundiuza za njinga za BSA ndi Triumph zomwe ankakwera ali anyamata, munthu amene samalankhula zambiri tsiku limenelo nkhani osatha.

Kugwa mtengo komweko ndi mwayi kwa inu ngati mugule yakale. Zilipo zambiri zomwe munthu anagula chifukwa cha maonekedwe, anayenda pang'ono chilimwe chimodzi n'kuitsekera mu garaja. Mukapita kukaiona muuzeni mwini wake asailize musanafike, gwirani injini ndi dzanja muone ngati ili yozizira, chifukwa injini yovuta imabisala ikatentha. Gwadani muyang'ane kunsi, osati pa thanki pomwe apukuta. Tsegulani thanki muunike mkati ngati muli dzimbiri. Menyani masipoko pang'onopang'ono ndi sipanala, olimba amalira ngwee, okhwefuka amangoti phu. Kankhani njinga muone ngati mabuleki sakugwira okha, chifukwa mchere umaumitsa timapini take. Pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019, tayala likhoza kuoneka latsopano koma litakalamba n'kuuma, ndipo lamulo limafuna mizere yakuya 1mm kapena kuposa. Nambala ya pa felemu ifanane ndi ya pa V5C, pepala la kalembera wa njingayo, dzina ndi adiresi zikhale za amene akukugulitsaniyo. Ngati yapitirira zaka 3, mbiri yake ya MOT mutha kuiona ulere pa GOV.UK ndi nambala puleti yokha, mamailosi ndi zonse zomwe anaipeza nazo zili pamenepo.

Inshuwalansi samalani nayo. Ngati mukuyenda kuchoka kwa kasitomala wina kupita kwa wina, yongopitira kuntchito malo amodzi siikwanira, muwauze kuti mukufuna ya business use, apo ayi tsiku la ngozi adzakukanani. Adzakufunsaninso komwe njinga imagona, nenani zoona. Ndipo akuba njinga zazing'ono kuno ndi ambiri, loko wa pa chiwongolero amathyola ndi phazi limodzi, njinga yopepuka chonchi anthu awiri amangoinyamula kuponya mu vani. Ine ndili ndi loko wa pa disiki wolira alamu woyenda naye masana, ndipo usiku ndimaimangirira ndi tcheni chachikulu ku chitsulo chokhomedwa pansi, tchenicho chidutse mu felemu osati mu wilo lokha, n'kuiphimba. Ngati mukuchita lendi, za chitsulo chokhoma pansicho yambani mwapempha landilodi musanaboole simenti yake.